Mbava ya Mcloud ikadali m'chitsime

Mcloud anabadwira pa komboni ya famu yathu, kufupi ndi Darwendale, chaka chimene mvula inakana mpaka Januwale. Bambo ake anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya, ndipo atamwalira anaikidwa kuseri kwa mabulugamu, kwawo osabwererako. Mcloud anakula wochepa thupi, wa zala zazitali. Katundu wolemera sankamutha. Koma loko akavuta, kaya pampu ikaleka kukoka madzi, woitanidwa anali iyeyo. Poyenda sankamveka. Unkangozindikira waima pambali pako akumwetulira. Chishona chake chinali chosalala kuposa cha ife tonse.

Masewera athu a Lamulungu anabwera ndi Luiza, amene anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Harare n'kuwaphunzira kwa ana a abwana ake. Anabwerako ndi timadayisi ta mbali zambiri m'kachitini, mbali iliyonse ili ndi nambala yake. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, tinkakhala mozungulira tebulo losankhirapo fodya m'shedi. Luiza ankasimba nthano ya mapanga ndi zilombo, ndipo aliyense wa ife anali ndi munthu wake m'nthanomo, wolembedwa papepala. Ukanena chimene munthu wako akufuna kuchita, unkaponya dayisi, nambala n'kugamula ngati zatheka. Sekuru Nason, agogo athu pa komboni, amene akhala akusonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya zaka makumi atatu, anali msilikali wa chishango. Ine ndinali sing'anga wochiza anzanga. Mcloud anasankha mbava.

Mbava inkatithandiza, zimenezo sindingakane. Khomo lotseka inkatsegula. Msampha inkauona tisanapondepo. Inkatsogola yokha m'phanga n'kubwerera kudzatiuza za kutsogolo, ife n'kukhulupirira, poti sitinaliko. Koma moyo wake papepala unali wochepa. Chilombo chikangoikhudza kamodzi, inkagwa.

"Asing'anga, changu! Ndikufa kuno!" Mcloud ankakuwa akumenya tebulo.

"Iwe mwana iwe," Sekuru Nason ankatero, "pakuba uli wekha, pakufa uli ndi abale."

"Sekuru, chishango chanucho chinatsegulapo chitseko chiyambire?"

Tinkaseka, ine n'kuponya dayisi n'kumudzutsa.

Anali ndi chizolowezi china chimene malamulo a masewera ankalola. Ankalemba kapepala, kukapinda katatu ngati chipewa, n'kukakankhira kwa Luiza yekha. Luiza ankawerenga nkhope osasintha. Pakapita milungu tinkamva kuti mkanda wa mfumu, umene tonse tinavutika kuufunafuna, unali m'thumba la mbava kuyambira kale. Tinkaseka mpaka misozi. Tinaseka choncho zaka ziwiri.

Kumunsi kwa komboni kuli dambo. Makolo athu anayamba kulimamo madimba kalekale, ndipo famu itasintha eni ake palibe anatiletsa. Tinkabzala mu Ogasiti, mitengo ya misasa ikamaphuka masamba ofiira, n'kuthirira ndi zitini m'kutentha konse kwa Okutobala. Chimanga chimenecho ndicho chinkatiolotsa Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene ufa umatha m'nyumba fodya asanagulitsidwe.

Chaka chatha, kumayambiriro kwa Disembala, chimanga chitamasula, ndevu zikadali zofiira, kunamveka kuti manijala watsopano akufuna dambolo abzalemo mbatatesi. Mwini famu ankayembekezeka Loweruka. Sekuru Nason anati tipite tonse tsiku limenelo, amayi ndi abambo, tikaime pakhomo pa ofesi tikapemphe kuti atidikire tikolole. Amene anatsutsa ndine. Ndinati gulu limakwiyitsa bwana, titume mmodzi atsogole akaone kaye. Maso onse anatembenukira kwa Mcloud. Sitinaganize n'komwe. Kumutuma patsogolo tinali titazolowera.

Anapita kwa manijala Lachinayi masana, n'kubwera akumwetulira.

"Zvakanaka, abale, zayenda bwino. Akuti mukolole kaye. Thirakitala ilowa mu Malichi."

Azimayi analulutira. Loweruka mwini famu anabwera n'kupita, ife tili m'munda tikuthyola fodya woyamba, mitima ili m'malo.

Lolemba m'mawa, kamvula katangowaza, tinamva thirakitala kudambo. Pofika tinapeza chimanga chagona, timaungu tanthete taphwanyikira m'matope. Dimba limodzi lokha, la m'mphepete mwa mtsinje, linali chiimire, lobiriwira. Linali la Mcloud.

Prince, woyendetsa thirakitala, anatsika n'kubwera kwa ife.

"Musandiyang'ane ine, vakuru. Manijala anauzidwa kuti nonse mwavomera. Ine angondipatsa ichi."

Kanali kapepala kopinda katatu ngati chipewa. M'kati munali chithunzi cha dambo lonse, dimba lililonse ndi malire ake, limodzi lokha litazunguliridwa ndi cholembera. Zilembo ndinkazidziwa. Sabata isanathe, makiyi a nyumba yosungiramo feteleza anali m'chiuno mwa Mcloud.

Masewera anaima milungu isanu. Mu Januwale, m'nyumba zambiri tikudya kamodzi patsiku, Luiza anatiitananso, akuti mwina mitima ingapepukeko. Tinapita. Mcloud tinamumva akadali patali, makiyi akulira m'chiuno, munthu amene kale sankamveka. Anakhala pamalo pake n'kuika patebulo chimanga chootcha cha kudimba lake. Fungo linadzaza shedi. Palibe anatambasula dzanja.

Luiza anatsegula kachitini.

"Tinalekera apa," anatero. "Mbava yagwera m'chitsime chouma, mwendo wathyoka, moyo watsala pang'ono. Msilikali ali ndi chingwe, sing'anga ali ndi mankhwala. Sekuru, mutani?"

"Msilikali wanga watopa," anayankha Sekuru Nason. Anapinda pepala lawo n'kuliika m'thumba la malaya.

Luiza anandipatsa dayisi. Mcloud anandiyang'ana.

"Achimwene, awa ndi masewera chabe."

Ndinafumbatira dayisi m'dzanja, iye n'kupitiriza.

"Dambolo likanapitabe, ndinene ndisanene. Ndikanatani ine ndi thupi ili? Ndisenze fodya mpaka ndikagone kuseri kwa mabulugamu ngati bambo?"

"Ukanangotiuza zimene unaona," ndinatero. "Ntchito ya wotsogola ndi yomweyo basi. Tikanakaima tokha Loweruka lija."

Dayisi ndinaiika patebulo osaiponya. Mvula inayamba kugwa pamalata, ndipo tinatuluka mmodzimmodzi, chimanga chija chikuzizira pamene anachisiya.

Pano mbatatesi zachita maluwa oyera kudambo. Mcloud akadali nafe pa komboni, ndipo tikakumana pa mjigo timapatsana moni. Loko wa kunyumba kwanga atavuta mwezi watha, ndinamuthyola ndi nyundo. Luiza akuti pepala la mbava analisunga m'kachitini pamodzi ndi timadayisi. Mbavayo ikadali m'chitsime muja.