Kambalame ka pa Soche

Ndinaganiza zochoka tsiku limene Bwana Chambalame anapereka makiyi a mabokosi kwa Eliya, msuweni wanga. Mzunguyo tinkamutchula choncho chifukwa ntchito yake inali yotolera mbalame n'kumazitumiza kwawo. Wosaka ndi wosenda ndinali ine. Eliya ndinamulowetsa ntchito ndine, mpeni ndinamugwiritsa ndine, koma iye anapitako kusukulu ya mishoni, ndiye ankatha kulemba timapepala tomangirira kumiyendo ya mbalamezo.

Sabata yomalizayo ndinagwira kambalame m'nkhalango ya Soche, kofiirira kumsana, koyera kumimba, koyenda pansi kutsatira linthumbu. Ndinakabisalira masiku atatu. Ndinakasenda, kukapaka mankhwala, kukaika thonje, n'kukasiya patebulo la bwana kumtunda kwa Mandala. Sindinatsanzike.

Ku Halale ndinapita wapansi kudzera ku Tete. Ndinapeza ntchito yosenda ng'ombe. Manja ozolowera khungu la timbalame ngati choso anayamba kukoka zikopa zonunkha tsiku lonse. Ndalama zinkapezeka, ndipo ndinkatumiza nsalu kumudzi, koma wocheza naye ndinalibe. Lamulungu ndinkangokhala kuseri kwa komboni kumvetsera mbalame zachilendo.

Mkazi wanga Naphiri sankadziwa kulemba, choncho makalata ankamulembera ndi Eliya. Kalaliki wina akamandiwerengera kuti "takusowani kuno," ine ndinkangoona Eliya atakhala pakhonde panga, mkazi wanga akumuuza zakukhosi.

Chaka chachitatu kunabwera kalata yomwe mpaka lero ndimaikumbukira. Eliya anati kambalame kaja kafika ku Ulaya, ndipo akatswiri apeza kuti mtundu wake sunalembedwepo m'mabuku. Akapatsa dzina, akamangirira kapepala kofiira, akasunga m'kabati. Aliyense wogwira kofanana nako azikayerekeza ndi komweko, pakuti dzinalo lakhazikika pa chikopa chimodzi chokhacho, mpaka kalekale. Anamaliza ndi mawu akuti, "Bwana wandiyamika kwambiri."

Wamuyamika iye! Tsiku limenelo ndinaboola zikopa ziwiri, kapitawo n'kundikalipira. Ndinkalingalira dzina la Eliya litagona m'kabati ku Ulaya, pamwendo womwe ndinauwongola ndi zala zanga. Sindinayankhenso makalata.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi chimodzi, njanji itafika kale ku Limbe. Eliya ndinamupeza kwathu, akufolera nkhokwe yanga. Bwana anali atapita kwawo, ntchito inatha.

"Asuweni, mwafika!" anatero akutsika.

Sindinamupatse dzanja. "Iwe, pakapepala kaja unalemba dzina la yani?"

"Lanu. Ndinalemba kuti wagwira ndi Yesaya."

"Usandinamize."

"Bwana anakang'amba, nalemba kena ndi dzanja lake. Dzina la mbalameyo ndi lake lomwe, angolipotoza m'Chilatini. Inu mulibemo, inenso mulibemo. Anandiyamika chifukwa cholongedza bwino bokosi basi."

Ndinakhala pansi. Zaka zitatu ndinadana ndi munthu chifukwa cha kapepala kong'ambidwa. Mtima ukanayenera kutsika, ndipo unayambadi kutsika.

Kenaka Naphiri anatuma mwana wathu Esitere, yemwe ndinamusiya ali kumsana, kuti andipatse madzi. Anagwada patali, nandipatsa chikho ndi manja awiri, maso ali pansi. Nditamwa anathamangira kwa Eliya n'kutsamira pabondo pake, akumuchotsa udzu m'tsitsi.

"Ndi bambo ako awa," anatero Eliya. "Pita ukawapatse moni."

Mwanayo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananong'oneza Eliya, koma ndinamva.

"Alendowa agona kuno?"