Lackson Tembo, Wodwala Amene Ndinamupeka

Chifuwa chinayamba mu Disembala, mvula itangoyamba ku Chawama. Chinali chouma, chosapweteka, ndipo ndinachitcha chimfine. Apo n'kuti nditagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi mu labu ya pa kiliniki ina, kuyeza magazi ndi makhololo a anthu. Ndinalinso munthu wa mabuku. Ndinkagula mabuku akale a udokotala kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni, ena opanda zikuto, n'kumawerenga m'minibasi. Choncho thukuta litayamba kunyowetsa pilo, lamba n'kumafuna boo lina, ndinali ndi matenda asanu ndi awiri oti ndisankhepo. Ndinawaganizira onse, kupatula amene ndinkawayeza tsiku ndi tsiku.

Mu Febuluwale ndinalavula magazi pang'ono. Mantha anandigwira, koma manyazi anaposa mantha. Wa mu labu akaima pa mzere wa odwala TB, mawa lake komboni yonse yamva. Ndinatenga kabotolo, ndinalavuliramo, n'kulembapo dzina lopeka: Lackson Tembo, wokhala kuseri kwa msika, pafupi ndi thanki ya madzi. Ndinayeza ndekha. Makina anaonetsa TB. Zotsatira ndinazilemba m'kaundula, pakuti ngakhale ndinali wabodza, ntchito ndinkaigwira mwadongosolo. Kenako ndinangodikira kulimba mtima kumene sikunabwere.

Nzeru zanga zonse zija zinaiwala chinthu chimodzi. Wopezeka ndi TB akapanda kubwera kudzayamba mankhwala, pamakhala anthu odzipereka amene amakamufunafuna kwawo. Wathu anali amayi Chileshe, mayi wachikulire amene anachirapo matenda omwewa. Anayenda masiku atatu m'matope atavala magambuti. Tsiku lachinayi anafika pa windo la labu, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo.

"Ba Phiri, uyu Lackson wanu alibe nyumba? Matanki napeza yatatu, ba Tembo napeza bambiri, koma Lackson kulibe. Mtima unibaba. Ngati ali na mwana mung'ono mu nyumba, azamupasa."

Mwana wanga Tamara anali ndi zaka zitatu, ndipo tinkagona naye chipinda chimodzi. Zoti mwana angatenge matendawa ndinkazidziwa kuchokera m'mabuku, koma ndinazimva koyamba tsiku limenelo.

"Amayi," ndinatero, "Lackson ndine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nenze naiona trauzi yanu mwamene yagwela. Tiyeni, mzere ni uja."

Ndinayamba mankhwala tsiku lomwelo. Anandipima pa sikelo, anandiyeza magazi, n'kundipatsa kadi la dzina langa lenileni. Mapilitsi ndinkamwa m'mamawa ndisanadye. Mikodzo inafiira monga anandichenjezera nesi, mawondo ankaphwanya, ndipo kwa milungu iwiri chakudya chinkandinunkha. Mkazi wanga sanandilankhule tsiku lathunthu, osati chifukwa cha matenda koma chifukwa cha Lackson. Mawa lake anapita ndi mwana kukayezedwa. Masiku odikira zotsatira za Tamara ndi amene anali ovuta kuposa matenda onse. Onse awiri anapezeka alibe, ndipo mwana anamupatsa mankhwala oteteza.

Pa benchi yodikira m'pamene ndinaphunzira zimene labu sinandiphunzitse. Anthu amene ndinkawadziwa ngati manambala a pa mabotolo anali ndi nkhope, ana kumsana, ndi mabenchi a tomato osiyidwa kwa aneba. Bambo wina woyendetsa wilibala mumsika anandionetsa pepala lake n'kufunsa ngati likunena za imfa. Linali pepala lolembedwa ndi dzanja langa. Ndinamufotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika. Kuyambira pamenepo ankandisungira malo, ndipo ena ankabwera ndi mapepala awo.

Patatha miyezi iwiri makhololo anapezeka oyera. Dokotala wamkazi amene ankandiona, atatopa ndi mafunso anga, anati: "Mabuku mwawerenga, koma buku silingakumvereni pachifuwa. Ngati mumazikonda zinthuzi, pitani mukaphunzire bwinobwino." Ndinaseka, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

Ndinamaliza miyezi isanu ndi umodzi mu Ogasiti osadumpha tsiku. Chaka chotsatira ndinapempha malo pa sukulu ya udokotala ndipo ananditenga. Tsopano ndili m'chaka chachinayi. Ndine wamkulu m'kalasi monse, anzanga amanditcha ba ankolo, ndipo mabuku anga opanda zikuto aja ndapeza kuti theka lake linatha ntchito ndisanabadwe. Ndidzamaliza. Thupi labwerera, lamba wafika pa boo lake lakale n'kupitirira, ndipo masitepe a kuwodi ndimakwera osapumira. Tamara ali giredi thu. Amayi Chileshe tikakumana pa siteshoni amakuwa, "Dokota Lackson!" ndipo ndimavomera.

Ngati mwatsokomola milungu iwiri, kapena thupi likutha popanda chifukwa, pitani ku kiliniki. TB imachizika, ndipo amene mumagona nawo nyumba imodzi sangadikire kuti manyazi anu athe. Musadzipime nokha, ngakhale mutawerenga kuposa ine. Ndipo akakupatsani kabotolo, lembanipo dzina lanu lenileni ndi nyumba yanu yeniyeni, chifukwa alipo mayi amene adzavala magambuti kuti akupezeni.