Abida Anakana Kupereka Makiyi

Abida Sharif anabadwira kwa Malemia pa 14 Malichi 1986, m'banja logulitsa mpunga. Pa 3 Seputembala 2012 analembedwa ntchito yotayipa makalata pa sekondale ina ya m'chigwa cha Domasi. Za makompyuta anadziphunzitsa yekha, kumasula makompyuta akufa ndi kusuzumira m'kati anzake ali ku nkhomaliro. Pofika 2019 makiyi a chipinda cha makompyuta ankakhala m'chikwama mwake.

Lachitatu pa 7 Juni 2023 sukuluyo inalandira pulogalamu yosungira malikisi a ana. Buku lake la malangizo silinabwere lathunthu. Linali timafayilo tambirimbiri tofunika kulumikiza, ndipo ntchitoyo inkafuna zida zitatu zoti Abida ayambe wazitsitsa pa intaneti n'kuziika m'kompyuta. Chida choyamba chinakana kutsika. Lachinayi chinakananso.

Lachisanu a Lawrence, mkulu wa ofesi, anamuuza kuti aphunzitsi atopa kudikira. Anati Lolemba kubwera katswiri wa ku Blantyre, choncho iye apereke makiyi abwerere ku makalata ake.

"Bwana, bukulo likadzasowa Lolemba mudzatenge makiyi," anatero Abida. "Koma lero ayi."

Aliyense ankati vuto ndi netiweki ya kuno, koma iye sanakhutire, poti foni yake inkagwira bwinobwino m'chipinda momwemo. Loweruka m'mawa anapalasa njinga kupita kusukulu. Uthenga wofiira umene unkatuluka chida chikakana kutsika, umene onse ankafulumira kuutseka, anauwerenga liwu ndi liwu, ndipo anapeza kuti ukudandaula za deti. Atayang'ana pakona ya sikirini, anaona kompyuta ikunena kuti tsikulo ndi 1 Januwale 2010. Kabatire kake kosunga nthawi kanali katafa kalekale, moti magetsi akangothima deti inkabwerera m'mbuyo. Panalibe amene ankazindikira, chifukwa onse ankadalira kalendala ya pakhoma.

Anachotsa kabatire m'kompyuta ina yowonongeka, n'kukaika m'kompyuta ija, n'kukonza deti. Zida zonse zitatu zinatsika. Dzuwa likupendeka buku linatseguka, ndipo analiika m'makompyuta onse khumi ndi anayi kuti liziwerengeka popanda netiweki.

Lolemba pa 12 Juni katswiriyo, a Rodney, anatsika minibasi. Atamva kuti ntchito yatheka kale n'kufunsa amene walumikiza bukulo, a Lawrence anati ndi ofesi yawo. Abida anati ndi iyeyo. A Lawrence anatambasulabe dzanja kuti mlendo apatsidwe makiyi ayendere chipinda, koma Abida anati amutsegulira yekha.

Ali m'katimo a Rodney anaulula chapansipansi kuti pa sukulu zina ziwiri bukuli linawakanika, ndipo anapempha kuti awakoperere pa fulashi.

"Chokopera sichikuthandizani mukakafika kwinako, achimwene," anatero Abida, akuwakokera mpando. "Khalani apa, tiyambire pa chida choyamba."

A Lawrence anaima pakhomo kanthawi, kenaka anabwerera ku ofesi kwawo chimanjamanja.