Diresi Lokwerera Mafunde

Taganizani m'mawa wa Loweruka wamba mu Novembala ku Scarborough, m'dziko la Canada. Mphepo ikugwedeza mawindo a nyumba yosanja, ndipo patebulo lodyera pali makina osokera m'malo mwa mbale. Pamenepo ndiye pantchito pa Mayi Mwanahamisi Sadiq, telala wochokera ku Nkhotakota, amene akhala akufupikitsa mathalauza ndi kusoka zovala zaukwati kuno kwa zaka khumi ndi ziwiri.

M'mawa ngati umenewu, mwana wawo Afiya, mtsikana wa kusekondale amene anabwera kuno akukwawa, anaima pafupi ndi makinawo atabereka chikwama.

"Mama, ndikufuna kukasefa ndi Lindiwe kugombe la Bluffs."

"Kukasefa? Ufa wa kuno si umabwera wosefasefa? Mukasefa chiyani kunyanja, mchenga?"

"Ayi Mama, surfing! Kukwera mafunde pathabwa."

Mayiwo anachotsa phazi pamakina. Masewerawo anali atawaonapo pa TV, m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene anthu amayenda atavala timikwamba tosakwana ngakhale thumba la malaya. Mwana wawo wovala hijabu akalowa bwanji pamenepo? Anafuna kukana. Koma funso lina linawakanirira m'mutu: ndani amavula mu Novembala ku Canada?

"Tipitira limodzi, ndikaone ndekha," anatero. "Ndikakangoona mchombo umodzi, tibwerera pomwepo."

Anatsika basi n'kutsetsereka wapansi mpaka kugombe. Nyanja ya Ontario inali itakwiya, mafunde otuwa akuswekera pamchenga. M'madzimo munali anthu ngati khumi ndi asanu, onse atavala zakuda kuyambira kuphazi mpaka kumutu, kukungooneka nkhope zokha.

Mayi Mwanahamisi anayang'ana kwa nthawi. "Kodi onsewa ndi Asilamu?"

Lindiwe, mnzake wa Afiya amene makolo ake ndi a ku Chipata, anaseka mpaka kugwetsa thabwa. "Iyayi anti, ni kuzizira cabe!"

Mayiwo anapempha chovala chakuda cha Lindiwe iye asanachivale. Anachitembenuza, kuchikoka, kuchinunkhiza, n'kutsata msoko ndi chikhadabo. Chinali chonga mphira, chokhuthala. Anachikonda, koma Afiya atayesa chobwereka, anapukusa mutu.

"Chakuphimba, inde. Koma chakugwira ngati khungu. Ndikusokera diresi lovala pamwamba, ndiye uzipita."

Analisoka ndi nsalu ya thonje, lofika kumunsi kwa mawondo, lokongola ndithu. Loweruka lina la mphepo Afiya analowa nalo m'madzi. Funde litamugwetsa, diresilo linamwa madzi, n'kulemera, n'kumuzinga miyendo. Mayi ake ali pagombe anaona thabwa lokha likuyandama, mutu osaoneka. Lindiwe ndiye anamukokera posaya, Afiya akutsokomola.

"Mama," anatero Afiya mpweya utabwerera, "mukufuna ndimire mwaulemu?"

Palibe anaseka. Pobwerera, mtsikanayo ananena maganizo ake mosabisa: diresilo sadzalivalanso, ndipo ngati sangalowe m'madzi popanda ilo, angosiya zonse. Mayiwo anadziwa kuti akasiya, asiyanso kuwauza zimene amalakalaka.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa mayiwa sanakalipe ndipo sanagonje. Anayamba kufunsa nsalu mafunso. Kwa masabata atatu bafa la m'nyumba mwawo linadzaza zidutswa. Ankaviika chidutswa chilichonse, kuchinyamula kuti amve kulemera kwake, n'kuchikulunga padzanja kuona ngati chikanirira. Mwamuna wawo, Bambo Dulla, anatopa ndi kusambira pakati pa nsanza.

"Amayi a Afiya, m'nyumba muno mwatsegula ofesi ya zofufuza?"

"Sambani msanga, bambo, poliyesita akudikira."

Potsiriza anasankha nsalu yoterera imene amasokera zovala za osambira. Anafupikitsa diresilo kuti lilekezere pamwamba pa mawondo, analing'amba m'mbali zonse ziwiri kuti miyendo itakasuke, n'kuika lamba wa m'kati kuti lisakwere kumutu. Asanampatse mwana, analivala okha pamwamba pa zovala zawo n'kugona nalo m'bafa lodzaza madzi, akupalasa miyendo.

Afiya analiyang'ana mokayika, koma analivala. Atabwerera nalo kunyanja anagwa kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse mutu unkatuluka msanga. Chakumasana anaima pathabwa mpaka funde linamutula pamchenga. Mayi ake anaimba nthungululu, osefa ena n'kucheuka.

Nkhani inafika kumzikiti, ndipo amayi ena anabwera kudzagwira nsaluyo ndi manja awo. Pofika Novembala wotsatira, Mayi Mwanahamisi anali atasoka madiresi otere asanu ndi awiri, a atsikana a ku Scarborough ndi ku Oshawa, ndipo lililonse anayamba aliyesa m'bafa.