Zenera la M'chipinda Chosokera

Azakhali anga ndi telala. Amasokera m'kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo chiyambire amagawana kachipindako ndi mnzawo amene tonse timawatcha Anamabatani. Makina awiri, tebulo limodzi lodulirapo, simbi imodzi. Wina akadwala, mnzake ankamaliza diresi la kasitomala osawerengera.

Chaka chimene azakhali anasiya msambo, kuzizira kunabwera msanga. Mame ankachedwa kuuma pa udzu, anthu akuyenda manja ali m'khwapa. Koma azakhali thupi linkangoyaka mwadzidzidzi, kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, thukuta mpaka kudonthera pansalu ya eni. Ankadzuka n'kukankha zenera. Anamabatani, amene ali ndi mphumu, ankadzuka n'kulitseka.

"Amwali, mukufuna mphepoyi indiike m'manda?"

"Nanga ine ndipsere muno ngati njerwa?"

Poyamba ankaseka. Kenako kuseka kunatha. Azakhali tulo tinawathawa, ankapsa mtima ngakhale ulusi ukangoduka, ndipo tsiku lina anakalipira mnzawo pamaso pa kasitomala chifukwa cha sizasi. Anamabatani anayamba kufunsira chipinda china kumsika. Azakhali anazimvera kwa mwini sitolo. Tsiku limenelo anangokhala pamakina, phazi lili pachopondera, osapalasa.

M'mawa wina Anamabatani anafika atavala majuzi awiri, ndipo makina awo sanawavundukule.

"Nyamukani. Ndisanasamuke ndikufuna ndimve kwa adokotala ngati ndinu oipa mtima kapena odwala."

"Malungo ndinayezetsa kale, sanawapeze."

"Ndiye akayeze nkhanzazo."

Adokotala anali mayi wa imvi, wosafulumira. Anafotokoza kuti mayi akasiya msambo mahomoni ena amachepa m'thupi. Kutenthako kumachokera pamenepo, ndipo mafupa nawo amayamba kufooka mwakachetechete. Anafunsa ngati kubanja kwathu kunakhalapo khansa ya m'mawere kapena vuto la magazi kuundana m'mitsempha, n'kuwayeza kuthamanga kwa magazi. Anati mankhwala obwezeretsa mahomoni si a mayi aliyense, koma azakhali akhoza kuyesa, bola azibwera kudzaonedwa. Anawalembera tizigamba ta mankhwalawo tomata pakhungu.

"Moyo wonse mwakhala mukuika zigamba pa mathalauza a eni," anatero Anamabatani pobwerera. "Lero zafika pa inu."

Azakhali anaseka mpaka kugwira mpanda wa chipatala.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Mphepo ya fumbi inadutsa, mitengo inayoyola masamba n'kuphukanso, ndipo tulo tinabwerera pang'onopang'ono. Kutenthako kumabwerabe mwa apo ndi apo, koma sikukhalitsa. Masiku ano azakhali amapita kuntchito wapansi, poti adokotala anati mafupa amalimba ndi kuyenda. Tsiku lokaonedwa likayandikira, amene amawakumbutsa ndi Anamabatani, mokalipa ndithu.

Za chipinda cha kumsika palibe anazitchulanso. Azakhali si munthu wodziwa kunena zikomo ndi pakamwa. Mvula yoyamba itagwa, anayamba kutsalira mnzawo akaweruka, akulumikiza tinsalu totsala. Mvula isanathe anaika pamakina a Anamabatani jekete lochindikala, la kolala yofika m'makutu.

Anamabatani analivala, natembenuka, nakweza mkono kuyang'ana msoko wa m'khwapa.

"Apa mwakhotetsa, amwali."

"Vulani ndiye, ndikonze."

"Ndani wakuuzani kuti ndivula?"