Ndowa ya ku Halale

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anayamba kutsokomola ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkakhala kwathu ku Mualadzi, zaka zija masipayu, apolisi a Apwitikizi, ankatithamangitsira kumunda wa thonje, ndipo bambo wake anali ku Halale kuntchito. Chifuwacho chinamudya mpaka miyendo inakana kupita kumtsinje, kumene ankakonda kuposa kudya.

Achemwali anga aakulu, obadwa nawo bere limodzi, ankakhala kuseri kwa nkhokwe yanga. Iwo sanaonepo mwana, choncho wangayo anali ngati wawo. Anakokola timatemba tinayi ndi nsalu, nkutiika mumkhate wakale wosambira, wobenthuka milomo, wa ndere m'kati. M'mawa uliwonse ankapungula madzi pang'ono nkuthiramo ena a kumtsinje. Mwanayo ankagona chafufumimba pamkeka nkumaponyamo chiswe. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, ine ndi nsombazi tikuchirira limodzi." Ndinaseka, koma ndinaona kuti akamayang'ana mumkhatemo phala ankamaliza.

Patapita miyezi inayi bambo wake anabwera, atanyamula bulangete ndi ndowa yatsopano ya zinku. Ndisabise, ine ndinabadwa wokonda kuonedwa. Ndowa yotero m'mudzi monse munalibe, ndipo azimayi ankabwera kudzaigogoda ndi chala kuti amve kulira kwake. Mkhate uja unayamba kundichititsa manyazi pakhonde. Ndinati mwana wodwala ayenera chinthu chabwino koposa chimene tili nacho.

"Iwe, zisiye nsombazo," anatero achemwali. "Zazolowera dothi."

"Achemwali, kodi mwayamba nsanje ndi ndowa?" ndinawayankha ndikuseka, kwinaku ndikukhuthulira nsombazo m'ndowamo.

Kunena zoona, zinaoneka bwino. Pansi ponyezimira paja timatembato tinkaoneka ndi maso omwe, ndipo mwanayo anaomba m'manja. Chikomekome cha mkuyu. Tsiku lachiwiri timatembato tinayamba kuyandama pamwamba, kukamwa kuli yasa. Achemwali anasintha madzi monga mwa masiku onse, koma sizinathandize. Lachitatu kamodzi kanagadama, ndipo pofika lachisanu m'ndowamo munali madzi okha.

Mwanayo sanalire. Anangoyang'ana m'ndowa nkunena kuti, "Zanditsogolera." Kuyambira pamenepo phala ankalikankha. Tinamubereka mosinthana mpaka kuchipatala cha ku Chifunde, kumene anatipatsa mankhwala, koma chimanga chisanache tinamuika m'manda.

Tsiku lometa, anthu ali bwalo lonse, ndinaimirira nkuloza achemwali. "Munathiramo chiyani m'madzi muja? Miyezi inayi zili bwino, ndowa itangobwera zafa. Inu mulibe mwana, munafuna kuti nanenso ndikhale wopanda."

Anandiyang'ana, mutu uli wometa kumene, nkulowa m'nyumba. Mawu otero akatuluka pa maliro sabwereranso. Azimayi anayamba kuitana ana awo achemwali akamadutsa, ndipo pachitsime ankatunga okha. Atakolola anasamukira kwawo kwa amuna awo ku Nsadzo, mkazi kusiya mudzi wa amayi ake. Pochoka anatola mkhate uja padzala pamene ndinautaya. Ndinawaona akuusenza, ndipo mumtima ndinati pitani.

Panapita zaka zisanu. Ndowayo inayamba kudontha, ndipo ndinaipereka kwa bambo wina wokhoma zidebe amene ankayendayenda m'midzi panjinga. Akuitembenuza, ndinamuuza kuti ndowayo ndi ya tsoka, nkumusimbira zonse. Analeka kukhoma.

"Mayi, inali yatsopano pamene munaikamo nsomba?"

"Yatsopano."

"Ndiye palibe anathiramo kanthu. Choyerachi ndi zinku, amapaka kuti chitsulo chisachite dzimbiri. Madzi akagonamo amatengako pang'ono. Inu mukamwa simumva, koma kansomba kamapumira momwemo. Ine ndinasungiramo nyambo zamoyo, zonse zinagadama."

Anapitiriza kukhoma ngati wanena za mvula. Ine ndinakhala pansi. Mwina chifuwacho chikanamutengabe mwana wanga, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi chakuti chinthu chimodzi chimene chinkamudyetsa phala ndinachipha ndi manja anga, ndipo mlanduwo ndinausenzetsa munthu amene anandichenjeza.

M'mawa mwake ndinamanga nkhuku nkuyamba ulendo wa ku Nsadzo. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndikudzilimbitsa mtima kuti chibale ndi fupa, sichiola. Nditafika, alamu anga, amuna awo a achemwali, anandilandira nkhukuyo osandiyang'ana kumaso. Anati achemwali anatisiya dzinja lapitalo, ndipo anawaletsa kutumiza uthenga kwathu, poti kumeneko amawadziwa ngati mfiti.

Ndinapempha kuti andionetse pamene anagona. Kwathu kuno munthu akamwalira timaika pamtumbira chiwiya chimene ankachikonda, titachiboola pansi. Pamtumbira wa achemwali panali mkhate uja, wobenthuka milomo. Alamu anati zaka zonsezo sunkauma madzi, ndipo munkakhala timatemba, koma anthu akafunsa kuti n'ta yani, achemwali ankangoti, "N'ta mwana wanga."