Mayi Fauziya ndi Bedi Losagonedwa

Mayi Fauziya amamudziwa munthu poona bedi lake. Atha zaka khumi ndi chimodzi akuyala m'zipinda za hotela ina ku Zomba, kumunsi kwa nyumba zakale za boma zija. Kwawo ndi ku Nayuchi, komwe ali mtsikana ankagulitsa mbatata zophika m'mawindo a sitima. Amati kumeneko ndi komwe anaphunzira kuyang'ana msanga, poti sitima siidikira.

Ine ndinafika pahotelapo mu Juni, kuchokera ku Nsanama, kudzachita maphunziro a amayi osoka a masiku atatu. Otiitana anati anasankha malowo chifukwa ndi apamwamba koma mtengo wake si woopsa. Zoonadi, madzi otentha ankatuluka pampope, matawulo ali mbee, bedi lalikulu loti n'kugonapo banja lonse. Mwana wanga Mwai anali ndi milungu isanu ndi iwiri.

Ponyamuka apongozi anga anali atandichenjeza kuti khanda ndi lozizira, pomwe pamabedi a m'hotela pamagona anthu otentha, amuna ndi akazi osadziwika. "Ukamugoneka pamenepo, tsempho limugwira, atupa." Ku sekondale aphunzitsi ankaziseka zimenezi, koma Mwai si wa aphunzitsi. Ndinayala zitenje ziwiri pamatailosi, tinagona pansi. Kutacha, mwana mphuno zinali zitatseka, akupuma mokoka.

Mayi Fauziya atalowa ndi tsache anayang'ana bedi, anayang'ana zitenje, kenako ine.

"Amake mwana, bedili lakulakwirani chiyani?"

Ndinangoti ndimakonda pansi.

"Iyayi. Okonda pansi amatengako bulangete. Inu simunakhudze ngakhale pilo. Ndi apongozi kapena amayi anu?"

Ndinaulula. Sanaseke. Anamugwira Mwai pachifuwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti kuzizira kwa Zomba sikucheza ndi khanda, usiku wina pansipo ndiye kuchipatala. Ndinawafunsa ngati iwo amakhulupirira za tsempho.

"Ine ndimachapa mashiti, za mumtima mwa munthu sindichapa. Nyamulani chikwama."

Tikuyenda m'khonde ankaloza zitseko ndi makiyi, akundiuza za alendo ake. Umu mumagona bambo wovula nsapato pakhomo ngati akulowa mumzikiti. Umu munali mzungu wopinda yekha mabulangete, wowalanda ntchito. Ndinkafuna kufunsa za chitseko chilichonse, koma khutu langa linali pa mpweya wa Mwai kumsanaku.

Anaima pa nambala 14.

"Muno mwatuluka asisitere awiri m'mawa uno. Akhala milungu itatu, aliyense pakabedi kake, korona pamutu pa bedi. Ngati pali bedi lozizira mu Zomba muno, ndi ili."

"Nanga asisitere asanabwere munagona ndani?"

"Aa, mwana iwe! Ukafunsa choncho udzagona choimirira mpaka ukalambe."

Anapita okha kukakambirana ndi a pa resepishoni, akuti anangowauza kuti chipinda changa chimalowa mphepo. Pobwera anatenga bulangete lachiwiri, lofunda kumene pochoka pa ayironi. Ndinaima kanthawi mwana ali m'manja, mawu a apongozi akundizungulira m'mutu. Kenako ndinamugoneka pakabedi ka kukhoma. Anatambasula timiyendo, n'kuyetsemula kamodzi.

"Mumuyamwitse pafupipafupi, mphunozo zitseguke," anatero Mayi Fauziya, akukoka ngolo yawo ya matawulo kupita pa nambala 15.